Snowmobile yatsopano koma yayamba kale kununkha pulasitiki wopsa, ndidandaule?

WakuDedza_Timmins

Moni nonse abale. Ndikudziwa mundiseka kuti munthu wa ku Dedza akufuna chani pa sinowo, koma thandizeni kaye museka pambuyo. Ndili ku Timmins kumpoto kwa Ontario ku Canada chaka chachitatu tsopano ndipo kuno kuzizira kumatenga pafupifupi theka la chaka, ukamangokhala m'nyumba mutu umayamba kuzungulira, ndiye anzanga a kuntchito atandinyengerera ndinalimba mtima nkugula snowmobile, njinga yamoto yoyenda pa sinowo, yatsopano ya injini ya 600 two-stroke, pa ngongole. Mtundu wake sinditchula kuopa kuyambitsa mkangano wa Bullets ndi Wanderers muno.

Pano yayenda 340 km basi koma pali zinthu zikundisowetsa tulo. Loweruka tinadutsa panyanja youndana, pamwamba panali ayezi yekhayekha, ndiye titaima ndinamva fungo ngati wina waponya jumbo pamoto. Nditafika kunyumba ndinatsegula chitseko cha m'mbali mwa injini, mkati fumbi lakuda mbwee pafupi ndi lamba. Coolant, madzi oziziritsa injini, watsika pang'ono, oyilo wa injini akutha msanga komanso ikufuka utsi wambiri m'mawa. China, pa trail, njira ya sinowo, yolimba chiwongolero chikumakokera uku ndi uku ngati njinga ya kabaza pamchenga. Kodi zonsezi nzabwinobwino pa chinthu chatsopano kapena andigulitsa mphaka m'thumba? Ndalama yake ndikaiganiza mtima umangoti phwii.

Makaniko_wa_ku_Thompson

Mphwanga khazika mtima pansi, zambiri wanenazo ndi makina akungokhazikika, koma chimodzi chokha usachizengereze ndipo ndiyambira pomwepo.

Fungo la pulasitiki lija ndi ma hyfax, ena amati ma slider. Ukagwada nkusuzumira pansi uona track, chiraba chachikulu chozungulira chimene chimayendetsa njinga m'malo mwa mateyala, ikutsetsereka pa timizere tiwiri ta pulasitiki tomatidwa kunsi kwa zitsulo zazitali zija. Timeneti tilibe girizi, chimene chimatiziziritsa ndi kutifewetsa ndi sinowo amene track imadzimwazira yokha poyenda. Ndiye iwe wakayenda pa ayezi wopanda sinowo, pulasitiki amatentha mpaka kuyamba kusungunuka, ndipo ukaima nthawi yomweyo amatha kumatirira ku tizitsulo ta pa track moti podzanyamuka njinga imakana ngati wamanga buleki. Injini nayo imavutika chimodzimodzi chifukwa pa njinga za coolant mulibe fani wa ngati wa galimoto, madzi amazizira podutsa mu aluminiyamu wa kunsi kwa mpando amene amayenera kumenyedwa ndi sinowo. Ukakhala pamalo ouma choncho uzipatuka pafupipafupi nkulowa m'sinowo wofewa m'mbali, kapena ugule ma ice scratcher, timawaya tija timakanda ayezi nkumamwaza.

Koma chimene ndikufuna uone lero lomwe ndi ichi: yang'ana ma hyfax onse awiri, m'mbali mwake muli kamzere kosonyeza polekezera kudyeka. Ngati akudyeka mofanana palibe nkhani. Ngati wina wadyeka kuposa mnzake ndiye kuti track ikuyenda mopendekera. Track yatsopano imatamuka ulendo woyambirira, monga tcheni ya njinga yamoto yatsopano imachitira, ndiye imafuna kuikonza msanga. Kweza kumbuyo pa sitandi yolimba, pasakhale munthu kumbuyoko, liza injini track izungulire pang'onopang'ono kangapo, usagwire buleki isiye iime yokha, zimitsa nkuchotsa chingwe cha tether, chimene chikachoka injini siingalire, ndiye uzilowetsa manja. Yeza mpata wa pakati pa hyfax ndi tizitsulo ta track mbali zonse ziwiri. Ikathawira kumanzere umamasula bawuti ya ekiselo ya kumbuyo nkumanga pang'ono adjuster, bawuti yokokera track, wa kumanzere, pang'ono ndithu, nkuzungulitsanso. Kulimba kwake usayerekeze ndi maso, buku lako likuuza kuti ukanikize ndi kulemera kwakuti itsike mamilimita akuti, njinga iliyonse ili ndi nambala zake. Yothina kwambiri imadya hyfax ndi ma bering'i, yokhwefuka imadumpha mano ukaponda moto, umamva kuti gududu pansi pa mpando.

Fumbi lakuda ndi lamba akudzisema kuti akhale bwino m'ma kilatchi. Aliyense amene anakhalapo pachigayo akudziwa lamba watsopano mmene amachitira. Pukuta, nkuonanso pakatha ulendo wina, liyenera kumachepa. Lamba muchotse umuzungulize m'manja, ufune ulusi wotuluka m'mbali, malo onyezimira ngati galasi, ndi malo amodzi owonda kuposa kwina. Kuwonda malo amodzi kumabwera m'mawa track itaundana pansi iwe nkungoponda moto, kilatchi imazungulira pamalo amodzi nkumuwotcha. Uzinyamula kumbuyo nkuigwetsa kawiri katatu usananyamuke. Pomubwezera ona muvi kapena malemba aloze kumene analoza poyamba.

Oyilo ndi utsi usadandaule, ma two-stroke atsopanowa kompyuta imathira oyilo wochuluka dala pa nthawi ya break-in, pamene injini yatsopano ikukhazikika, ikatha zimachepa zokha. Coolant kawirikawiri ndi mpweya unatsalira m'mapaipi ukutuluka. Lemba kamzere ndi maka pabotolo injini itazizira, akapitiriza kutsika pambuyo pa maulendo awiri atatu ndiye fufuza ma clamp, ndipo ubwino wa sinowo ngwakuti dontho lililonse limaoneka mtundu wake pansi.

Achemwali_Leeds

Kkkkk achimwene a ku Dedza inu, ife kuno tikulira ndi bilu ya gasi inu mukukagula njinga yothamangitsira kuzizira? Kumudzi mukawauza kuti mwagula chani, njinga yopanda mateyala? Za makina sindidziwa kanthu ine koma chonde za panyanja youndanazo muzisamala, mayi anu anakutumizani kukagwira ntchito osati kukasambira.

Kabaza_wa_Yellowknife

Madala a ku Thompson anena zoona zambiri koma apa pomuuza kuti agwire sipanala ndikutsutsa pang'ono. Chinthu chili pa waranti, chili ndi 340 km, service yoyamba yayandikira kale chifukwa zambiri amati pakatha maola 10 kapena 500 km, bwanji osangopita nacho kumene anagula akonze okha? Ine yanga yoyamba ndinkadzitenga ngati katswiri chifukwa kwathu ndinkakonza njinga zamoto, ndinamanga track mpaka kulira ngati ng'oma, pofika February ma bering'i awiri a timawilo tating'ono tija anali atapita, ndipo kwa dila anangondiyang'ana nkundifunsa kuti anamanga ndani. Ndinalipira ndekha aise.

Ndiye ine ndingoti ona chilichonse, jambula chilichonse ndi foni pamodzi ndi ma kilomita a pa dashibodi, koma kumasula kwambiri ayi. Chimene ndimachita pano ndi kugula maka wa penti woyera, bawuti iliyonse ya suspension ndi ya pa ma ski, mapazi awiri otsetsereka a kutsogolo aja, ndimaidula kamzere kuchokera pamutu mpaka pachitsulo, pobwera ku ulendo ndimangowalitsa tochi, mzere ukasemphana ndiye kuti yayenda. Two-stroke imanjenjemera, mabawuti amamasuka okha, ndi ma sipuling'i a ekizozi omwe uziwawerenga.

Za chiwongolero madala sanayankhe. Gwetsa njinga cham'mbali uone kunsi kwa ma ski, kuli kachitsulo kokhala ndi carbide, chitsulo cholimba kwambiri, ndi kamene kamaluma ayezi kuti ukhote. Kakakhala katsopano ndi kakuthwa ndiye kamagwera m'mizere imene anzako asiya patsogolo nkumaitsatira, ndiko kukokera ukumvako. Komanso ma ski amayenera kutseguka pang'ono kutsogolo, mwina 3 mm, akayang'anana mkati ndiye imavina zenizeni. Yeza ndi tepi kutsogolo ndi kumbuyo. Ndipo podutsa msewu wa tala uziwoloka molunjika osakhota, tala amadya carbide ngati chiswe.

Makaniko_wa_ku_Thompson

Achimwene a ku Yellowknife za penti ndi zithunzi ndagwirizana nanu, koma kukonza track kuli m'buku la mwini njinga, ndi ntchito imene wopanga akuyembekezera kuti uzichita wekha, vuto lanu munamanga osayeza kkk. Ndiye December ngati uno magalaja onse adzaza, akamuuza kuti bwera pakatha masabata awiri iye azingoyenda ndi track yopendekera? Kapena aiimike, kapena akonze.

Ndinaiwala chaincase. Kumbali inayo kuli kabokosi muli tcheni ndi magiya m'oyilo, ndipo zambiri zili ndi maginito pa dipstick kapena pa pulagi. Ukapeza kaphala kotuwa kosalala ngati phulusa lonyowa ndi magiya atsopano akupalana, nchifukwa chake oyilo ameneyo amasinthidwa pa service yoyamba. Ukapeza tizidutswa tomveka pachala ngati mamba a nsomba, usapukute, jambula nkupita nato.

WakuDedza_Timmins

Abale mwandithandiza kwambiri. Ndachokera m'galaja pompano, zala sindikuzimva, kunja kuli -27. Madala munalosera, hyfax ya kumanzere yadyeka kwambiri cha kumbuyo, yatsala pang'ono kufika pa kamzere pomwe ya kumanja ikadali yonenepa, ndipo m'mbali mwake muli timinyenyeswa ta pulasitiki topiringizika ngati munthu amapala chinangwa. Track nayo inathawira kumanzere moonekeratu, mbali ina chala chimalowa mbali ina ayi. Choopsa nchakuti nditangoika sipanala pa bawuti ya ekiselo ya kumbuyo inazungulira popanda kulimbana nayo nkomwe, kaya inachoka choncho ku shopu kaya yamasuka m'njira.

Ndiye ndatenga nzeru za onse awiri, ndajambula zonse ndisanakhudze, ndatumiza kwa amene anandigulitsa, ayankha kuti ndibwere nayo Lachinayi aikonze pamodzi ndi service yoyamba, za hyfax ati akaona ikafika chifukwa paja amati ndi chinthu chodyeka, pamenepo tikakambirana bwino. Mpaka tsikulo siituluka. Lamba ali bho, ulusi palibe, pa maginito pali kaphala kaja basi. Ma ski ndayeza ndekha mkazi wanga atagwira tepi uku akudandaula, ndi ofanana kutsogolo ndi kumbuyo ndiye ndikawauza awatsegule pang'ono.

Achemwali a ku Leeds kumudzi ndinawatumizira chithunzi, malume anafunsa ngati ingalime.

Funso lina madala, lamba wa sipeya ndigule wa kampani yomweyo kapena otchipa aja ali bwino?

Makaniko_wa_ku_Thompson

Wa kampani, nambala yomweyo ili pa lamba wakoyo. Umutsuke ndi madzi ofunda ndi sopo, aume, umuyendetse modekha 50 km kuti akhazikike ndiye umuchotse akhale sipeya. Ndipo uphunzire kumusintha uli m'galaja momwemo ndi kasipanala kali m'thumba la zida, chifukwa tsiku lodzaduka kudzakhala kuli mdima ndipo magolovesi udzayenera kuvula.