Kodi njoka ya cottonmouth imadya chiyani kwenikweni?

Wokonda zam'madambo

Akuluakulu, ndikupempha thandizo pa njoka yaululu ya ku United States yotchedwa cottonmouth, imene imakhala m'madambo kuyambira ku Virginia kutsikira ku Florida, kulowera kumadzulo mpaka ku Texas ndi Oklahoma. Olemba ena amati chakudya chake ndi nsomba, pomwe ena amatchula achule, mbewa, ngakhalenso njoka zinzake. Kodi kusiyanaku kumabwera chifukwa cha malo, kapena ena mwa olembawo analakwitsa?

Mphunzitsi wopuma

Palibe amene analakwitsa, achimwene. Njokayi sisankha chakudya, ndipo chimene ingadye chimadalira kwambiri mmene madzi alili kumene ikukhalako. M'madzi akuya siitha kuthamangitsa nsomba zaliwiro, koma madzi akaphwa nsomba n'kupanikizika m'zithaphwi, njokazi zimasonkhana pamenepo n'kumadya mosavutika, monga mmene ana kwathu kuno amatolera milamba m'matope dambo likamauma. Kumene achule achuluka imadya achule, ndipo ikasuntha kupita kumtunda imagwira mbewa, abuluzi ndi mbalame. M'mimba mwake mwapezekamo ana a nkhasi, ana a ng'ona za mtundu wa alligator, komanso njoka zina zam'madzi.

Nyengo nayonso ili ndi mbali yake. Kumpoto, monga kum'mwera kwa Illinois, njokazi zimabisala m'mapanga miyezi yozizira osadya kanthu, pamene ku Florida zimasaka pafupifupi chaka chonse.

Mayi wa ku Atlanta

Ndikugwirizana nanu bambo, koma mwasiya msinkhu wa njokayo. Ikakhala yaing'ono imakhala ndi nsonga yachikasu kumchira. Imadzipinda n'kukhala phee, kenaka n'kumagwedeza nsongayo pang'onopang'ono kuti ioneke ngati mphutsi, ndipo chule kapena buluzi akayandikira kuti adye nyamboyo, iye ndiye amadyedwa. Mtundu wachikasuwo umazimiririka njokayo ikamakula.

Kagwiridwe kake kamasiyananso. Nsomba ndi chule imaziluma n'kuzigwirabe m'kamwa mpaka zitafooka, chifukwa zikapulumukira m'madzi sizingapezekenso. Mbewa ili ndi mano, choncho kawirikawiri imailuma n'kuisiya kuti ululu uimalize, kenaka n'kuilondola ndi fungo. Timaenje timene tili pakati pa diso ndi mphuno timaithandiza kumva kutentha kwa nyama yotere ngakhale mumdima.

Ndikuchenjezeninso kuti njoka zambiri zimene anthu kuno amaziona zikugwira nsomba n'kumati ndi cottonmouth, zimakhala njoka zopanda ululu za mtundu wa Nerodia, ndipo zambiri zimaphedwa popanda chifukwa.

Mlonda wa nkhalango

Kwa ine umboni waukulu wakuti malo ndiwo amalamula uli pa kachilumba ka Seahorse Key, pafupi ndi Cedar Key ku Florida. Kwa zaka zambiri mbalame zam'madzi zikwizikwi, kuphatikizapo avuwo ndi akakowa, zinkamanga zisa m'mitengo ya pachilumbapo. Podyetsa anapiye, nsomba zina zinkagwera pansi, zina n'kukhala zolavulidwa kapena zoyamba kale kuvunda, ndipo njokazi zinkadikira pansi pa mitengo n'kumatola nsombazo usiku. Njoka zambiri padziko lapansi zimafuna nyama yodzigwirira zokha, koma izi zinkanenepa ndi zakufa, mwakuti zina zinkaoneka zoyera pamsana chifukwa cha zitosi za mbalame zozigwera kuchokera m'mwamba. Wasayansi wa ku University of Florida, Harvey Lillywhite, anazifufuza kwa nthawi yaitali, ndipo maganizo amene alipo ndi akuti mbalamezo zinkapindulanso, popeza kuchuluka kwa njoka kunkachepetsa makoswe amene akanadya mazira.

Mu Epulo 2015 mbalamezo zinasamuka mwadzidzidzi n'kusiya zisa ndi mazira. Njoka zinayamba kuwonda, zambiri zinafa, ndipo zina zinaoneka zikudya zinzake.

Wokonda zam'madambo

Zikomo nonse, makamaka inu mayi pa nkhani ya mchira ija. Funso limene landitsalira ndi la madzi akumwa: popeza Seahorse Key yazunguliridwa ndi madzi amchere, njokazo zimamwa kuti?

Mlonda wa nkhalango

Zimadalira mvula, achimwene. Madzi am'nyanja sizimwa, choncho mvula ikagwa zimatuluka n'kumamwa madzi odikha pamasamba, m'timaenje ta pansi, ngakhalenso madontho otsalira pamatupi awo.