Ndi mankhwala ati oyenera kutsukira ndege yaing'ono ya Cessna 172?

Wolemba: Mwale wa ku Chileka

Moni nonse. Ine ndi anzanga awiri tinasonkherana n'kugula ndege yaing'ono ya Cessna 172, yakale ndithu, ya m'zaka za m'ma 1970, ndipo imagona pa Chileka. Maulendo athu ambiri ndi a kunyanja, makamaka ku Mangochi ndi ku Likoma, koma nthawi zina timateranso pa mabwalo a dothi a m'maesiteti, kotero kuti ndegeyi imabwerako itafiira ndi fumbi, kutsogolo kwa mapiko kutamatirira tizilombo tophwanyika, ndipo kumimba kwake kuli bii ndi oyilo wosakanikirana ndi mwaye wa ekizozi.

Mpaka pano mnyamata amene amatithandiza wakhala akuitsuka monga amatsukira galimoto, ndi sopo wa ufa wochapira zovala, ndipo galasi lakutsogolo amalipopera mankhwala otsukira mawindo a m'nyumba. Sindikumuimba mlandu, chifukwa ndife amene tinamugulira zinthuzo. Sabata yatha, pamene ndinkatera dzuwa lili pafupi kulowa, ndinaona timizere tambirimbiri tonyezimira pa galasi lonse ngati ukonde wa kangaude, ndipo bwalo ndinaliona movutikira kwambiri.

Mlamu wanga akubwera kuchokera ku Johannesburg kumapeto kwa mwezi uno ndipo wavomera kutitengera zimene tingamutume. Ndikupempha amene mumadziwa za ndege mundiuze zoyenera kugula, komanso ngati pali zina mwa zopezeka m'masitolo a ku Blantyre kuno zimene tingagwiritse ntchito popanda kuononga ndege.

Yankho la Nangozo wa ku Germiston

Bambo Mwale, ine ntchito yanga ndi yokonza ndege zazing'ono kuno ku Joni, ndipo choyamba chimene ndikupempheni n'chakuti sopo wa ufayo ndi mankhwala a mawindowo muwachotse pafupi ndi ndege lero lomwe. Fumbi likhoza kukhala pa ndege sabata yathunthu osaononga kanthu kwenikweni, koma mankhwala olakwika amayamba kudya chitsulo tsiku lomwe mwawathira.

Khungu la Cessna yanu ndi aluminiyamu wopyapyala, amene m'malo ambiri safika ngakhale milimita imodzi, ndipo zidutswa zake zinasanjikizidwa m'mphepete n'kulumikizidwa ndi timisomali totchedwa marivet. Aluminiyamu sagwirizana ndi mankhwala a alkali. Sopo wa ufa ali ndi soda wambiri, ndipo mankhwala amphamvu ochotsera girisi m'magalaja kawirikawiri amakhala ndi kositiki. Pamwamba poonekera mukhoza kutsukuluza bwinobwino, koma madzi a sopoyo amalowerera pakati pa zidutswa zosanjikizanazo ndi m'mbali mwa marivet, m'mene payipi siifika, n'kuumira momwemo. Pakapita miyezi mumayamba kuona ufa woyera kapena wotuwa ukutuluka m'mphepete mwa marivet, kapena penti ikutukumuka timizere tokhotakhota ngati njira za chiswe. Limenelo ndiye dzimbiri la aluminiyamu, ndipo kulichotsa kumadya ndalama zochuluka kuposa mtengo wa sopo wabwino wa zaka khumi. Jik ndi mankhwala ena onse a klorini asayandikire ndege, chimodzimodzinso Vim ndi zina zonse zokhala ndi timchenga tokwechera.

Musanagule chilichonse, tsegulani buku la ndege yanu pa gawo lonena za kasamalidwe. A Cessna analemba momveka kuti pa galasi la pulasitiki musathire petulo, benzini, spiriti, asetoni, thina kapena mankhwala otsukira magalasi wamba, ndipo pa mipeni ya pulopela musagwiritse ntchito mankhwala a alkali. Pa penti amangonena madzi ndi sopo wofatsa, kenako kutsukuluza ndi kupukuta.

Mlamu wanu akakafika m'sitolo ya zipangizo za ndege, asakopeke ndi chithunzi cha ndege pa botolo, koma atembenuze botololo n'kuwerenga kumbuyo. Afune pamene palembedwa kuti mankhwalawo anakwaniritsa muyezo wa Boeing D6-17487, kapena AMS 1526, kapena MIL-PRF-85570. Manambala amenewa akutanthauza kuti mankhwalawo anayesedwa. Pa mayeso ena amaika mankhwala pakati pa tizidutswa tiwiri ta aluminiyamu n'kuona ngati dzimbiri liyamba, zimene zikufanana ndendende ndi zimene zimachitika m'malo osanjikizana aja. Pa ena amathira mankhwala pa pulasitiki wa galasi wopindidwa n'kuona ngati achita timing'alu. Pa enanso amaona ngati mankhwalawo sakufooketsa chitsulo cholimba kwambiri, chonga cha miyendo ya ndege yanu ndi mabawuti ena, chimene chikhoza kuthyoka mwadzidzidzi chikalowedwa haidrojeni.

Samalani ndi dzina la Simple Green, chifukwa pali mitundu iwiri. Wamba wa m'nyumba uja, eni ake omwe amachenjeza kuti usakhalitse pa aluminiyamu ndipo utsukuluzidwe bwino, ndiye pa ndege yodzaza ndi malo obisika sindingaulimbikitse. Wopangira ndege ndi Extreme Simple Green Aircraft & Precision Cleaner. Palinso Wash Wax ALL wa kampani ya Aero Cosmetics, amene mumangopopera n'kupukuta popanda madzi, ndipo ndi wothandiza pamene ndege yangodetsedwa pang'ono. Zikakusowani zonsezi, sopo wamadzi wotsukira galimoto wolembedwa kuti pH yake ndi yapakatikati ndi amene ali pafupi ndi choyenera. Sopo wotsukira mbale ndimamukayikira, chifukwa amachotsa polishi yense ndipo mitundu yambiri amaithira mchere kuti ikhale yokhuthala.

Yankho la Chisale wa ku Lilongwe

Mayi Nangozo anena bwino za chitsulo, ine ndiwonjezere za galasi, chifukwa ndi limene lakuopsani, a Mwale. Chimene timachitcha galasi pa ndege zathuzi ndi pulasitiki wa acrylic, wofewa kwambiri kuyerekeza ndi galasi la galimoto. Timizere timene mwaonato tingakhale ta mitundu iwiri. Ngati ndi tokandika pamwamba, tobwera chifukwa chopukuta fumbi ndi nsalu youma kapena ndi mapepala opukutira, tikhoza kuchepetsedwa ndi polishi wa pulasitiki monga Novus, amene ali ndi manambala 1, 2 ndi 3, ndipo 3 ndi wa zokandika zakuya pamene 1 ndi wongotsukira ndi kuwalitsa. Koma ngati tili m'kati mwa pulasitikiyo, timanyezimira mukaunika ndi tochi chapambali koma chikhadabo sichikodwapo, ndiye kuti ndi timing'alu tobwera ndi amoniya kapena spiriti pamodzi ndi dzuwa ndi ukalamba, ndipo polishi sangatichotse. Pamenepo injiniya wanu ndiye agamule ngati galasilo likufunika kusintha.

Katsukidwe kake n'kofunika kuposa dzina la mankhwala. Yambani ndi kuthira madzi ambiri kuti fumbi litsike lokha, kenako sisitani pang'onopang'ono ndi dzanja lopanda mphete, chifukwa dzanja limamva kamchenga kamene nsalu ikanakakoka pa galasi lonse. Mukatero poperani mankhwala a pulasitiki monga Plexus kapena Prist, n'kupukuta ndi nsalu yoyera ya microfibre kuchokera pamwamba kupita pansi, osati mozungulira, popeza zokandika zozungulira ndi zimene zimagwira dzuwa mbali zonse. Nsalu ya galasi ikhale ya galasi basi, isungidwe m'kathumba kakekake, ndipo ikagwa pansi ipite kochapa.

Za tizilombo, amene timauluka kunyanja timadziwa zimene nkhungu imachita, ndipo mvula yoyamba ikagwa ngumbi nazo zimatidikira. Musakwechepo. Yalani thawulo lonyowa kutsogolo kwa phiko kwa mphindi khumi, ndipo zambiri zidzachoka zokha, makamaka mukachita zimenezi tsiku lomwelo zisanaumire ndi dzuwa. Ine kwa zaka zambiri ndimapopera Pledge, polishi wa mipando ya m'nyumba, kutsogolo kwa mapiko kuti tizilombo tisamamatire, ndipo oyendetsa ndege ambiri amachita chimodzimodzi.

Yankho la Nangozo wa ku Germiston

Bambo Chisale, pa za Pledge mundilole ndisiyane nanu pang'ono. N'zoona kuti amagwira ntchito ndipo ambiri amamukonda, koma ali ndi silikoni, amene amakanirira pa penti ndi m'mbali mwa marivet. Tsiku limene mudzafune kukonza penti pamalo pena, penti watsopano amathawa pamene pali silikoni n'kusiya timaenje tozungulira, ndipo wopenta amavutika kwambiri kuti amuchotse. Ndege ya a Mwale ndi yakale, ndipo nthawi yokonza penti siili kutali, choncho ndikanakonda polishi wopanda silikoni.

Pali china chimene sindinatchule, chomwe n'chachikulu kuposa sopo. Musanathire madzi, tsekani static port, kabowo kakang'ono ka kumanzere kwa thupi la ndege kutsogolo kwa chitseko, komanso pitot tube, kapaipi ka pansi pa phiko lakumanzere, poti zida zoonetsa liwiro ndi kutalika kwa ndege kuchokera pansi zimadalira mabowo awiriwa, ndipo musalozetse payipi pa bowo la chenjezo la stall (pamene mapiko aleka kunyamula ndege) kapena pa kapaipi kopumira thanki ya mafuta. Mukatseka, onetsetsani kuti mwatsegula. Pa 2 October 1996 ndege ya Aeroperú, Boeing 757, inagwera m'nyanja ya Pacific itangonyamuka ku Lima usiku, ndipo anthu onse 70 anafa, chifukwa tepi imene inamatidwa pa ma static port pamene ankaiyeretsa sinachotsedwe, motero zida zoonetsa liwiro ndi kutalika zinkanama. Ife pano timagwiritsa ntchito tepi yofiira yokhala ndi chinsalu chachitali cholendewera, ndipo timapachika chikalata pa chiwongolero chonena kuti mabowo ndi otseka. Polishi naye akhoza kutseka kabowoko mwakachetechete, choncho pamenepo muzilambalala.

Makina otsukira a mphamvu ya madzi aja musawagwiritse ntchito, chifukwa amakankhira madzi m'mabering'i a mateyala ndi m'mahinjesi n'kuchotsa girisi. Payipi wamba ndi ndowa n'zokwanira, ndipo mukatha kutsuka funsani injiniya wanu malo ofunika kuthiranso mafuta.

Yankho la Mwale wa ku Chileka

Zikomo kwambiri, Mayi Nangozo ndi Bambo Chisale. Ndayesa ndi tochi ndipo zikuoneka kuti timizere tambiri tili m'kati, choncho ndaitana injiniya kuti adzaone. Chatsala ndi kumimba kuja. Mnyamata wathu akuti palafini kapena petulo angachotse msanga, koma sindinamulole ndisanamve maganizo anu.

Yankho la Gama wa ku Zomba

Mwachita bwino kumuletsa, achimwene. Petulo ayi ndithu, chifukwa munthu wogona chagada pansi pa ndege ndi nsalu yonyowa petulo ali pangozi ya moto, ndipo nthunzi yake amaipuma yonse. Palafini amasungunuladi oyilo, koma amasiya mafuta amene amakoka fumbi, kotero mumayenera kutsukanso ndi sopo. Chimene mabuku a Cessna amatchula pochotsa oyilo ndi girisi ndi Stoddard solvent, amene ndi wa gulu limodzi ndi white spirit wa m'masitolo a penti. Munyowetse kansalu, osati kukhuthulira, ndipo musalole kuti afike pa mateyala, pa mabuleki kapena pa galasi. Extreme Simple Green uja, kapena Wash Wax ALL Degreaser, nawonso amagwira bwino ntchito imeneyi, koma muzitsuka kachigawo kamodzi n'kutsukuluza musanapite pena.

Mnyamatayo mumugulire magolovesi a nitrile ndi magalasi oteteza maso. Mafuta a ndege a avgas 100LL ali ndi mtovu, mpaka magalamu 0.56 pa lita imodzi, ndipo chotuwa chimene chimatsalira kumbuyo kwa ekizozi chili ndi mtovu umenewo. Asadye kanthu asanasambe m'manja, ndipo nsalu zimene wapukutira asapite nazo kunyumba kukachapira pamodzi ndi zovala za ana.

Musanapukute, yang'anitsitsani kaye kapena jambulani ndi foni, chifukwa litsiro la kumimba limanena zambiri za injini. Oyilo akayamba kuchuluka kuposa kale, kapena akayamba kutsika ndi njira yatsopano, injiniya ayenera kudziwa. Mukaona banga la buluu pansi pa phiko kapena pafupi ndi potulutsira mafuta, ameneyo ndi utoto wa 100LL, ndipo ukusonyeza kuti mafuta akudontha. Kutsuka injini yeniyeniyo musiyireni injiniya, chifukwa magineto, alternator ndi vacuum pump ziyenera kukutidwa kaye.

M'kati mwa ndege simufunika zambiri. Malamba a pampando muwatsuke ndi madzi ofunda ndi sopo wofatsa, osati Jik, amene amafooketsa ulusi. Ngati munaikamo GPS ya Garmin, sikirini yake ili ndi kachikuto koletsa kunyezimira kamene amoniya amakaononga, ndiye mugwiritse ntchito nsalu yofewa ndi mankhwala opukutira magalasi a maso olembedwa kuti saononga kachikuto koteroko.

Pomutuma mlamu wanu, mufunse kaye ngati akubwera pa ndege kapena pamsewu. Plexus amabwera m'chitini chopopera chokhala ndi mpweya woyaka, ndipo zitini zotere, zimene si za mankhwala a m'thupi kapena zodzola, saloleza m'katundu wa okwera ndege. Ngati akubwera pa ndege, atenge za m'mabotolo wamba monga Novus ndi Wash Wax ALL, aziike m'chikwama chachikulu zitakulungidwa bwino m'pulasitiki, ndipo zitini zopopera zidikire wina wobwera pagalimoto kudzera pa Mwanza.