Za makhadi a Khirisimasi aja: inki yasiya kumwazika

Masabata apitawo ndinafunsa chifukwa chimene inki ya chidindo inkamwazikira pa makhadi a Khirisimasi amene ndikupangira abale a ku Mangochi. Amene munandilangiza kuti ndisinthe pepala munanena zoona. Pepala losalala ndi lonyezimira silimwa inki, choncho inkiyo imakhala pamwamba kwa nthawi yaitali, ndipo chala chikangoikhudza chithunzi chonse chimawonongeka. Pa pepala lokhuthala losanyezimira, limene ndinagula m'sitolo ya zolembera ku Braamfontein, inki ikuuma msanga, ngakhale kuti tsiku la mvula, monga zimakhalira mu Disembala kuno ku Johannesburg, imachedwerapo pang'ono.

Zidindo ndinazisema ndekha pa labala wofufutira, china cha nyenyezi, china cha chambo, chifukwa zithunzi za chipale chofewa zimene zadzaza m'masitolo sizikukhudzana ndi Khirisimasi yathu ya m'dzinja. Zilembo ziyenera kusemedwa motembenuza, monga zimaonekera pagalasi, kuti ziwerengeke bwino zikadindidwa. Podinda, kanikizani kamodzi kokha osagwedeza dzanja, ndipo mawu a mafuno abwino mulembe ndi cholembera inki ikauma.

Makhadiwo ndiwapatsira mnzanga amene akukwera basi ku Park Station Loweruka.