Za kavalavu ka Telefunken kaja, yankho ndalipeza

Paja sabata yatha ndinafunsa za kavalavu ka galasi kolembedwa RV12P2000 kamene mlamu wanga anandibweretsera kuchokera ku Germany, ndimadabwa kuti bwanji kalibe mapini pansi ngati mavalavu ena amene tinazolowera m'mawailesi akale. Eetu, kamalowa chadodolido! Mutu wagalasiwo ndi umene umapita pansi mu soketi, mapini ali m'mbali mwa tsinde lake la bakelite (pulasitiki yolimba yachikale), ndiye kumatako kuli kabowo ka ulusi komangirapo kachogwirira kuti msilikali azikazula msanga.

Inayamba kukapanga ndi kampani ya ku Germany ya Telefunken cha m'ma 1930, ka asilikali. Dzinalo silongolemba chabe, 12 ndi mavoti a heater (kawaya kotenthetsa m'kati mwa valavu), 12.6 kunena zoona, P ndi pentode (valavu ya ma-electrode asanu), 2000 ndi mmene kamakulitsira siginolo. Chomwe chandisangalatsa ine n'choti wailesi ya ndege FuG 10 inkagwiritsa mitundu iwiri yokha ya mavalavu, kameneka ndi RL12P35, ndiye sipeya sizinali zovuta kunyamula.

Heater ndayeza ndi mita, ndi yamoyo. Soketi yake ndiyo sindinaipezebe, amene ali nayo andiuze chonde.