Kodi "biweekly" ndi kawiri pa sabata kapena masabata awiri aliwonse?

Mlongo wa ku Leeds: Abale mwaswera bwanji? Ndithandizeni. Ndayamba ntchito yosamalira okalamba ndipo pa kontrakiti alemba kuti "paid biweekly". Ine ndimadziwa kuti ndizilandira kawiri pa sabata, koma Lachisanu lapitali mu akaunti munalibe kanthu. Andibera?

Achimwene a ku Dublin: Asisi mtima m'malo, sanakubereni. Pa nkhani ya malipiro, biweekly nthawi zambiri amatanthauza masabata awiri aliwonse. Dikirani Lachisanu likubwerali.

Mayi a shifiti ya usiku: Zoona achimwene, koma asisiwo sanalakwitse kwenikweni. Mawu amenewa amasokoneza ngakhale eni chinenero, chifukwa mu dikishonale ali ndi matanthauzo onse awiri. Bimonthly nayenso chimodzimodzi: kawiri pa mwezi, kapena miyezi iwiri iliyonse. Kuno ku UK ambiri amati fortnightly, ndipo ameneyo alibe mbali ziwiri. Fortnight anachokera ku "fourteen nights", ndiye ndi masiku 14 basi. Biweekly amamukonda kwambiri a ku America. Asisi, mawa mufunse manijala kuti "which dates exactly?" akupatseni madeti ake, mulembe.

Achimwene a ku Dublin: Poti tayamba za malipiro, ndionjezere. Monthly ndi four-weekly si chinthu chimodzi. Monthly mumalandira ka 12 pa chaka. Four-weekly ndi masiku 28 aliwonse, ndiye mumalandira ka 13, koma ndalama ya ulendo uliwonse imachepako ndipo deti lake limasunthasuntha. Renti yanga imatuluka pa 1. Mwezi wina malipiro anabwera pa 9, pofika pa 1 ndinali nditadya kale gawo la renti osadziwa. Pano ndikangolandira ndimayamba ndapatula ya nyumba. Fortnightly ndi ka 26 pa chaka, pomwe twice a month ndi ka 24.

Admini: Za renti zomwezo, amene mukufuna chipinda yang'anitsitsani tizilembo tili pambali pa nambala. Pw ndi pa sabata, pcm ndi pa mwezi wa pa kalendala. Musachulukitse ya pa sabata ndi 4 ayi, mwezi suli ndi masabata anayi okha. Chulukitsani ndi 52 kenako mugawe ndi 12. Ngati alemba 150 pw, pa chaka ndi 7,800, pa mwezi 650, osati 600. Per annum, mwachidule "p.a.", ndiye kuti pa chaka, quarterly miyezi itatu iliyonse.

Mayi a shifiti ya usiku: Ndalama ikasokonekera imabwezedwa. Pamene ine ndimachita mantha ndi pa mankhwala, ndipo nonse amene mukusamalira anthu chonde muwerenge bwino apa. Pa pepala la mankhwala mudzapeza OD, kamodzi pa tsiku. BD kawiri, TDS katatu, QDS kanayi. A ku America amalemba BID, TID ndi QID. PRN ndiye kuti pokhapokha pakafunika, monga munthu akamva ululu, komabe pamakhala malire a kuchuluka kwake pa maola 24. Every other day kapena alternate days ndiye kuti lero amwa, mawa ayi, mkuja amwa.

Ndiye pali once weekly. Mankhwala ena a nyamakazi, monga methotrexate, amamwa kamodzi pa sabata, tsiku lomwelomwelo. Kumupatsa munthu tsiku lililonse kungathe kumupha. Ndinaonapo mtsikana watsopano pantchito atagwira kale paketi, maso ake atawerenga "once" n'kulekera pomwepo. Mwamwayi nesi anali pafupi, anamugwira dzanja n'kumuloza mawu achiwiriwo. Mtsikanayo ananjenjemera mpaka kukakhala pansi. Kuyambira tsiku limenelo ndimawerenga lebulo mokweza, chala chili pa mawuwo, ngakhale ndi gogo amene ndamusamalira chaka chonse.

Mlongo wa ku Leeds: Mayi zikomo, izi ndazisunga. Nanga three times a day ndi every 8 hours n'zofanana?

Mayi a shifiti ya usiku: Kuwerenga kwake ndi katatu konse, koma every 8 hours amafuna wotchi, mwachitsanzo 6 m'mawa, 2 masana, 10 usiku. Three times a day nthawi zambiri amangogawa pa maola amene munthu ali maso. Mukakayika musaganizire nokha mwana wanga, funsani nesi kapena a ku famase. Palibe amene angakusekeni.

Achemwali a ku Johannesburg: Ine ndimagwira m'nyumba za anthu. Abwana ena anandiuza kuti ndizibwera "every second Friday". Ndinamva ngati akunena Lachisanu lachiwiri la mwezi, kamodzi pa mwezi. Sabata ina anandiimbira atakwiya kuti bwanji simunabwere. Iwo amatanthauza Lachisanu ili ndibwere, linalo ndipume, linalo ndibwere. Akafuna kamodzi pa mwezi amati "the second Friday of the month". Zinandiwawa chifukwa ndinataya ndalama ya tsiku, komanso anayamba kundiona ngati wosadalirika. Pano ndimatsegula kalendala ya pafoni pamaso pawo, tigwirizane madeti atatu oyamba.

Achimwene a ku Dublin: Pepani achemwali. Pa rota, ndandanda ya masiku ogwira ntchito ija, napo ndi momwemo. Every other weekend ndiye kuti Loweruka ndi Lamulungu ili mugwira, linalo mupuma. Four on four off ndi masiku anayi kuntchito, anayi kunyumba, ndipo popeza onse pamodzi ndi 8 pomwe sabata ili ndi 7, masiku opuma amasuntha sabata iliyonse. Musalonjeze ntchito ina ya Lachiwiri lililonse muli pa rota yotere.

Admini: Mawu ena alibe nambala n'komwe: occasionally, from time to time, now and then, as and when required. Kontrakiti ikati "occasional weekend work", funsani musanasaine kuti pa mwezi ndi kangati. Hardly ever nayenso asakupusitseni, sakukamba za kulimbikira ntchito, akutanthauza kuti sizichitikachitika, pafupifupi never. Komanso biannual ndi kawiri pa chaka, biennial ndi kamodzi pa zaka ziwiri. Maphunziro a pantchito ndi masetifiketi amakonda mawu amenewa.

Mlongo wa ku Leeds: Ndabwerako abale. Ndafunsa manijala, wandilembera pa kapepala: pa 14 ndi pa 28, kenako pa 11 mwezi wamawa. Wati nayenso akauza a ku ofesi asinthe alembe fortnightly. Mayi, usiku uno ndili pa mankhwala ndi nesi koyamba, ndikufunsani ndikaweruka.