Mwana wapambana masewero onse pa Lichess: tidziwa bwanji ngati anathandizidwa ndi kompyuta?

Mphunzitsi woyang'anira kalabu ya chess, Chibavi

Aphunzitsi anzanga ndi oweruza nonse, ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru za anthu ambiri, ndipo yankho lake likufunika Lachisanu lisanafike. Pa tchuthi chapitachi ana anali atabalalika, ena ku Ekwendeni, ena ku Nkhata Bay, ena kwa agogo awo ku Rumphi, choncho ndinakonza mpikisano wa kalabu yathu pa Lichess, tsamba la pa intaneti losewererapo chess, kuti tisankhe ana anayi oimira sukulu teremu ino. Masewero anali a mphindi 10 mbali iliyonse, ndipo aliyense ankasewera ali kwawo pa foni ya makolo. Amene wapambana ndi mnyamata wa Fomu 1 yemwe anaphunzira kayendedwe ka kavalo chaka chathachi, ndipo pa bolodi la kusukulu amangosiya queen wake poyera kuti adyedwe. Wagonjetsa onse, kuphatikizapo mtsikana wa Fomu 3 amene wakhala kaputeni wathu. Kompyuta ya Lichess itaunika masewerowo, accuracy yake inali yoposa 95 pafupifupi paliponse. Makolo ena ayamba kale kung'ung'udza, ndipo bambo amene analonjeza mphoto wandiimbira foni kunena kuti sangapereke kanthu kwa wakuba. Kodi ndimuchotse pa timu? Ndikamuchotsa, ndikawauza chiyani mayi ake, omwe ndi munthu wa ulemu wake ndipo timapemphera limodzi?

Woweruza masewero, Katoto

Aphunzitsi, chonde musamuchotse mwanayo chifukwa cha nambala imeneyo yokha. Accuracy imangoyeza kuti ma move a munthu anataya mwayi wochuluka bwanji poyerekeza ndi zimene injini, kutanthauza pulogalamu ya kompyuta yosewera chess monga Stockfish, ikanasankha pamalo omwewo. Kwa ongoyamba kumene nambalayi imasocheretsa kwambiri, chifukwa mnzako akapereka queen kwaulere pa move ya 8, chotsala n'kungodya zimene zili poyera, ndipo pafupifupi move iliyonse yosapusa imasunga chipambano. Mwana amene wamaliza mnzake ndi Scholar's Mate m'ma move anayi akhoza kupatsidwa nambala yapamwamba zedi, chonsecho wangoloweza msampha umodzi.

Ngakhale Kenneth Regan wa ku University at Buffalo, amene mawerengedwe ake FIDE, bungwe la chess la dziko lonse, imawagwiritsa ntchito pa milandu ya kubera, sawerengera ma move oyambirira amene aliyense angaloweze pamtima, kapena malo amene mbali imodzi yapambana kale. Amayang'ana pamene panali zosankha zingapo zovuta, ndipo amafuna ma move ochuluka asananene kanthu. Choncho tiuzeni: masewerowo anatalika bwanji, ndipo amene anasewera ndi kaputeniyo anakhala ofanana mphamvu mpaka pati?

Mphunzitsi wa kompyuta, Luwinga

Ndikugwirizana ndi a woweruza, ndipo ndikupempha kuti muyang'ane nthawi musanayang'ane china chilichonse. Mukatsegula masewerowo pa bolodi la analysis, m'munsi muli chithunzi chosonyeza masekondi amene aliyense anatenga pa move iliyonse. Munthu wosewera ndi mutu wake amathamanga poyambirira, amabwezera kudya nthawi yomweyo, kenaka amaima mphindi yathunthu kapena kuposa pamene zinthu zasokonekera. Chithunzi chake chimakwera ndi kutsika. Wokopera sangatero, chifukwa pa move iliyonse ayenera kulowetsa zimene mnzake wasewera mu foni yachiwiri, kudikira yankho, ndi kulibweretsa pa bolodi lenileni. Ntchito imeneyo imatenga nthawi yofanana kaya move ndi yophweka kapena yovuta, ndiye mumapeza masekondi omwewomwewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira kwambiri ndi ichi: kuchedwa pamene pali njira imodzi yokha yothawitsira mfumu, kenaka kupereka rook mwadala, pofuna phindu lodzaoneka patsogolo, m'masekondi omwewo.

Yang'ananinso masewero ake akale pa akaunti yomweyo, makamaka othamanga aja a blitz. Koma rating, nambala yoyeza mphamvu ya wosewera, musaidalire, pakuti akaunti yatsopano ya Lichess imayambira pa 1500 ndi chizindikiro cha funso pambali, ndipo imadumpha kwambiri m'masewero oyambirira.

Mukhozanso kudandaula kwa a Lichess eni ake kudzera pa batani la report limene lili pa tsamba la wosewera. Iwo amaona zinthu zimene ife sitiziona, monga ngati munthu ankachoka pa tsamba la masewero asanasunthe, ndipo akatsimikiza amaika chizindikiro pa akaunti kuti yaphwanya malamulo. Vuto n'lakuti sakuuzani tsiku limene adzayankhe, safotokoza umboni wawo, ndipo akakhala chete sizitanthauza kuti mwanayo alibe mlandu.

Wosewera wakale, Mchengautuba

Ana anga, mukuzungulira. Mwana amene mwezi watha ankataya queen sangagonjetse kalabu yonse mwezi uno, ngakhale atagona ndi bolodi pamtsamiro. Kuyambira 1997, pamene kompyuta ya Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, ngwazi ya dziko lonse ya nthawiyo, tinadziwa kumene zinthu zikupita, ndipo lero Stockfish ndi yaulere, imalowa mu foni ina iliyonse, ndipo imaposa patali katswiri Magnus Carlsen, amene rating yake inafika pa 2882 mu 2014. Foni m'manja mwa wosewera ndi likasa m'chipinda cha mayeso, ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitikira wophunzira wogwidwa ndi likasa. Igors Rausis anagwidwa ndi foni m'chimbudzi pa mpikisano wa ku Strasbourg mu 2019, ndipo FIDE inamuletsa kusewera zaka 6 n'kumulanda udindo wapamwamba wa grandmaster. Gaioz Nigalidze anagwidwa mwa njira yomweyo ku Dubai mu 2015. Nonse mukumvera chisoni mnyamatayo, koma palibe amene watchula mtsikana amene wakhala akubwera ku kalabu mokhulupirika, n'kulandidwa malo oyamba ndi makina. Atsikana pa chess ndi ochepa kale kuno, ndipo ameneyu akakhumudwa sadzabweranso.

Mayi wophunzitsa chess kupulayimale, Zolozolo

Bambo, za mtsikanayo mwanena zoona, ndipo palibe angatsutse. Koma anthu awiri mwatchulawo anali akuluakulu odya za chess, ndipo umboni wake unali foni yeniyeniyo. Ife tili ndi mwana wa Fomu 1 ndi manambala pa sikirini. Mlandu wofanana ndi wathu ndi wa Hans Niemann. Atagonjetsa Carlsen pa Sinquefield Cup ku St. Louis mu Seputembala 2022, Carlsen anachoka mu mpikisano, dziko lonse linayamba kuloza chala, ndipo Chess.com, tsamba lina losewererapo chess, inatulutsa lipoti la masamba 72 lonena kuti n'kutheka anabera m'masewero oposa 100 a pa intaneti. Niemann anavomera yekha kuti anaberapo pa intaneti ali ndi zaka 12 komanso 16, koma lipotilo silinapeze umboni wogwirika wakuti anabera pa bolodi pamene anasewera ndi Carlsen. Nkhaniyo inafika kukhoti, pamene Niemann anafuna madola 100 miliyoni, ndipo inatha ndi kugwirizana mu Ogasiti 2023. Ngati anthu okhala ndi akatswiri ndi makompyuta onsewo anavutika chotero, ife tisafulumire kutcha mwana wakuba pa gulu la WhatsApp la makolo, chifukwa dzina lotere Mzuzu yonse imalimva sabata isanathe.

Pali zinanso ziwiri zimene amene timaphunzitsa ana aang'ono timakumana nazo. Choyamba, foni m'nyumba zathu ndi ya banja lonse, ndipo akaunti imakhala yotsegula. Amene anasewera akhoza kukhala mchimwene wake, kapena amalume amene anaima kumbuyo n'kumanena kuti suntha ichi. Kumeneko n'kuphwanya malamulo ndithu, koma ndi nkhani yosiyana ndi ya mwana amene anakonza yekha chinyengo. Chachiwiri, ndife tomwe timawauza ana kuti injini ndi mphunzitsi wabwino, aziunika nayo masewero awo. Malire akuti uigwiritse ntchito masewero akatha, osati ali mkati, kwa ife ndi oonekeratu, koma kwa mwana ayenera kunenedwa momveka. Ngakhale m'masewero a pa intaneti amene amatenga masiku angapo, momwe Lichess ndi Chess.com amalola kuona mabuku a ma move oyambirira (ma opening), injini ndi yoletsedwa, ndipo akuluakulu ambiri sadziwa kusiyana kumeneku.

Ndiwonjezereko kuti ana anga akagonja pa intaneti, mawu oyamba amakhala akuti wabera. Tikaunika limodzi timapeza kuti anapereka okha bishopu ndi kavalo. Tikalanga popanda ndondomeko, chizolowezi chimenechi chidzakula.

Mphunzitsi woyang'anira kalabu ya chess, Chibavi

Zikomo nonse. Lamulo loletsa thandizo lililonse linalembedwa mu uthenga woitanira ana, ngakhale uthengawo unafikira pa mafoni a makolo. Ndaunika monga mwandilangiza. Masewero awiri anali aafupi, anzake anataya queen msanga, ndipo pamenepo palibe chonena. Amene anasewera ndi kaputeni ndiwo andidetsa nkhawa: anapitirira ma move 40, mphamvu zinali zofanana mpaka pakati, ndipo nthawi yake sinachoke pakati pa masekondi 7 ndi 10, ngakhale pamene mfumu yake inali pa check ndipo pothawira panali pamodzi. Chakumapeto anapereka rook kuti pawn yake idutse, chinthu chimene ine ndemwe ndinachimvetsa nditachiona pa injini. Masewero ake a mwezi watha pa akaunti yomweyo ndi a mwana wongoyamba kumene, odzaza ndi zolakwa.

Woweruza masewero, Katoto

Tsopano muli ndi chifukwa chokwanira chofunsira mwanayo, ngakhale si chokwanira kumulengeza. Ndikanakhala ine, mawa ndikanamuitana payekha, mphunzitsi wina mmodzi alipo monga mboni, n'kuika pa bolodi malo aja anapereka rook. Mufunseni kuti asewera chiyani pamenepo ndipo chifukwa chiyani. Amene anaganiza yekha amakumbukira zimene ankaopa ndi zimene ankafuna, ngakhale azifotokoze mosalongosoka. Amene anauzidwa sazindikira n'komwe kuti malowo ndi a masewero ake. Musamufunse kuti unabera kodi, chifukwa mwana aliyense amakana funso limenelo. Mufunseni kuti tsiku limenelo unali ndi ndani, ndipo anakuthandiza potani.

Chenjezo langa n'lakuti kugonja kamodzi pa bolodi si umboni. Ana ozolowera sikirini amaphonya zinthu pa mapisi enieni, ndipo mantha amawonjezera. Choncho Lachinayi itanani ana asanu ndi mmodzi oyambirira kuti asewere aliyense ndi aliyense pamaso panu, mafoni onse ali pa tebulo lanu pakuti gawo 11 la malamulo a FIDE limaletsa wosewera kukhala ndi foni pamasewero, ndipo timu ituluke pamenepo.

Wosewera wakale, Mchengautuba

A woweruza, kusewera pamaso ndikuvomereza, koma kusakhale njira yokwirira nkhani. Mukangonena kuti mpikisano wa pa intaneti unali gawo loyamba chabe, mwasintha malamulo masewero atatha, ndipo mwalanga amene anasewera moona mtima. Mwanayo akavomera, masewero ake afafanizidwe, amene anagonja kwa iye abwezeredwe mapointi, ndipo mphoto ipite kwa mwini wake.

Woweruza masewero, Katoto

Pamenepo mwakonza bwino, Bambo. Akavomera, tichite monga mwanenera, ndipo masewero a Lachinayi akhale a pokhapokha atakana. Za m'tsogolo, mpikisano uliwonse wokhala ndi mphoto kapena wosankhira timu usaseweredwe mwana ali yekha kunyumba. Mipikisano ikuluikulu ya pa intaneti imafuna makamera ndi kuonetsa sikirini kwa oweruza, koma kwa ife bandulo ndi magetsi sizingalole. Chimene chingatheke ndi njira imene FIDE imaitcha hybrid: ana amasonkhana m'chipinda chimodzi, mphunzitsi akuwayang'anira, n'kumasewera pa intaneti ndi ana a kwina amene nawonso ali ndi wowayang'anira. Mwanjira imeneyi sukulu ya ku Mzuzu ikhoza kusewera ndi ya ku Karonga kapena Chitipa popanda ndalama ya minibasi. Lichess ilinso ndi gawo la makalasi, momwe mphunzitsi amatsegulira ana maakaunti ndi kuona masewero awo onse, zimene zimachepetsa vuto la akaunti ya banja lonse.

Mphunzitsi woyang'anira kalabu ya chess, Chibavi

Ndakumana naye masana ano pamodzi ndi aphunzitsi a kalasi yake. Malo aja sanawazindikire, ndipo anasankha kuthawitsa rook. Nditamufunsa amene anali naye, ananena kuti msuweni wake wa kukoleji anakhala pambali pake ndi foni ina, n'kumamuuza zosewera m'masewero amene iwo ankawaona ovuta. Mayi ake ndawafotokozera tili awiri, ndipo alandira nkhaniyo modekha kuposa mmene ndimaopera. Masewero ake onse afafanizidwa, kaputeni wabwerera pa malo oyamba ndipo mphoto ndi yake. Mnyamatayo sakhala pa timu teremu ino, koma ku kalabu apitiriza kubwera, ndipo ndamutsegulira akaunti yatsopano pansi pa kalasi yathu, yakaleyo atseke. Makolo ndingowauza kuti zotsatira zakonzedwa malinga ndi malamulo a mpikisano, popanda kutchula dzina.

A ku Luwinga, kodi chipinda chanu cha makompyuta chingapezeke Loweruka lina mwezi uno kuti tiyese hybrid ndi anzathu a ku Karonga? Ine ndibweretsa ana asanu ndi atatu, koma tidzafunika woweruza mmodzi kuno ndi wina kumeneko.