Mawotchi osungunuka a Dalí aja, nkhani yake ndi yotani?

Kadzidzi88:
Abale ndithandizeni. Chithunzi chija cha mawotchi ofewa, ina atayiyanika pa nthambi ngati chovala, ndimangochiona paliponse, pa matisheti, m'makatuni, dzulo ndachionanso pa kava ya foni ya mnzanga. Ndikudziwa ndi cha Salvador Dalí koma chinayamba bwanji, nde chimatanthauza chani? Kapena mkuluyu ankangotiseweretsa mitu?

Chapenti:
Dzina lake ndi The Persistence of Memory, anachijambula mu 1931 ali ndi zaka 27. Chili ku MoMA, nyumba yoonetsera zaluso ku New York, kuyambira 1934 ndipo nkakang'ono zedi, masentimita 24 kwa 33 basi, kungoposa pang'ono pepala la A4. Mapiri akumbuyowo si opeka ayi, ndi a Cap de Creus kwawo ku Catalonia ku Spain. Za mawotchi mwini wake analemba kuti usiku wina mutu ukumuwawa, wokondedwa wake Gala atapita kokaonera kanema, iye anatsala yekha nkumaganizira tchizi ya Camembert yomwe anadya, mmene inafewera mpaka kuyenderera, basi anangopita kukaika mawotchi pa chithunzi chomwe anali atayamba kale.

Kadzidzi88:
Tchizi?? kkkk ine ndimayesa ndi za Einstein zija zoti nthawi imatha kutalika kapena kufupika

Nyenyezi_usiku:
Ambiri amatero koma iye atafunsidwa anabwereranso ku tchizi komweko. Ngakhale Dalí sindimamukhulupirira kwenikweni, bambo ameneyu ankakonda kudzichemerera, mpaka André Breton, yemwe mu 1924 analemba manifesto ya surrealism, gulu la zaluso lomwe Dalí analimo, anatembenuza zilembo za dzina lake nkumamutcha Avida Dollars, wokonda ndalama. Gulu lawolo linkatsatira Freud, za maloto ndi zobisika m'mutu, nde tachionaninso bwino achimwene. Wotchi imodzi yokha ndi yosasungunuka, yaolenji ija, koma nyerere zaiunjirira ngati nyama yowola, ina pali ntchentche, ndipo chinthu choyera chagona pakaticho, chansidze zitalizitali, ambiri amati ndi nkhope yake. Chimene chimandigwira ine nchoti zosathekazo anazijambula mwaudongo ngati foto, mmene maloto amaonekera enieni ukadali mtulo.

Chapenti:
Anadzachibwerezanso, The Disintegration of the Persistence of Memory cha 1954, zonse zili m'madzi zitaduka tizidutswa, nthawi imeneyo mutu wake unali pa za ma atomu. Chili ku St. Petersburg ku Florida. Ine sichindisangalatsa, chachuluka zinthu.

Kadzidzi88:
Nyererezo zaka zonsezi sindinaziwonepo, ndazuma pafoni zilipodi eeh